Mwana Wanga, Foni ndi Lembo la "a"

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 5, ndipo chaka cha maphunziro chikubwerachi adzayamba Sitandade 1. Kwa miyezi pafupifupi 8 tsopano, madzulo ambiri ndakhala ndikumubwereka foni yanga kuti azisewera masewera ophunzitsa malembo, aja ana ndi akulu omwe amangowatchula kuti magemu. Ndinayamba zimenezi chifukwa kusukulu ya mkombaphala kumene amapita, alezi awiri okha ndiwo amasamalira gulu lalikulu la ana, ndipo mabuku a zithunzi omwe alipo ndi ochepa kwambiri moti mwana amatha sabata yathunthu osagwirako buku m'manja mwake. Anzanga angapo a kuntchito ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa ngati masewerawa amathandizadi mwana kudziwa kuwerenga. Ndimawayankha kuti amathandiza, koma kuti asayambe n'kuyang'ana kukongola kwa gemu kapena kuchuluka kwa anthu amene aitsitsa. Ayambe adzifunsa kuti gemuyo ikulankhula chinenero chanji kwa mwanayo, ndiponso ikumuphunzitsa kunena chiyani akaona lembo. Ine ndinachedwa kudzifunsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zomwe ndinaona.

Gemu yoyamba yomwe ndinatsitsa inali yaulere ndiponso ya Chingerezi. Inali ndi nyimbo yokoma, tinyama tovina ndi nyenyezi zomwe zinkawala mwana akakhoza. Pasanathe milungu itatu mwana wanga anali akuimba malembo onse 26 mwandondomeko, ndipo ndikamulozera lembo lililonse pa kalendala ya pakhoma ankalitchula mosakayika. Agogo ake atabwera kuchokera ku Dedza anawaimbira nyimbo ija kawiri, iwo n'kululutira nanena kuti mdzukulu wawo wamaliza sukulu asanalowe n'komwe m'kalasi. Nanenso mumtima ndinakhulupirira kuti ntchito yaikulu yatha.

Tsiku lina madzulo, magetsi atazima, tinakhala pakhonde ndi tochi, ndipo ndinalemba papepala mawu afupi akuti "ana". Ndinasankha amenewa chifukwa ali ndi malembo atatu okha, ndipo onsewo ankawadziwa. Anayang'anitsitsa, n'kuloza lembo lililonse ndi chala, nati, "Ei, eni, ei." Ndinamufunsa kuti, "Ndiye mawu akewo akuti chiyani?" Anabwereza mofulumirirako poyesa kulumikiza, koma chimene chinatuluka pakamwa pake sichinali mawu a chinenero chilichonse. Ndinalemba "ufa", chinthu chomwe amachiona tsiku ndi tsiku amayi ake akamaphika. Anati, "Yu, efu, ei," kenaka anandiyang'ana modandaula nati, "Ababa, mawu amenewa kulibeko." Sanali kunama ayi. Potengera zomwe gemu ija inamuphunzitsa, mawu akuti ufa analidi kulibeko, chifukwa iye ankadziwa mayina a malembo a Chingerezi pomwe kuwerenga Chichewa kumafuna maliwu.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kukumvetsa bwino. Dzina la lembo ndi chinthu china, liwu lake ndi chinanso, ndipo munthu akamawerenga amalumikiza maliwu, osati mayina. Chichewa chathu chili ndi mwayi waukulu pa nkhani imeneyi. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka mofanana kulikonse kumene lapezeka. Lembo lopanda liwu likaphatikana ndi la liwu timapeza maphatikizo aja tinkaloweza tili ana, ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, ndipo pafupifupi mawu onse a Chichewa amamangidwa ndi maphatikizo otha ndi lembo la liwu. Mwana akangodziwa kuti m ndi a ndi "ma", ndipo l ndi a ndi "la", khomo latseguka, chifukwa akhoza kuwerenga yekha mawu omwe sanawaonepo. Chingerezi sichili chomwecho. Lembo la a lokha limamveka mosiyanasiyana m'mawu osiyanasiyana, ndipo mawu ambiri mwana amayenera kungowaloweza momwe amaonekera. Choncho magemu opangidwira ana a ku London kapena ku New York amathera nthawi yaitali pa mavuto omwe mwana wowerenga Chichewa alibe, n'kusiya njira yachidule yomwe chinenero chake chamupatsa kale.

Panalinso vuto lina lomwe ndinalizindikira nditayamba kukhala naye pafupi posewera. Gemu ija inkaonetsa chithunzi cha galu pambali pa lembo la d, popeza m'Chingerezi dzina la galu limayamba ndi lembo limenelo. Kwa mwana wolankhula Chingerezi chithunzicho ndi chothandiza, chifukwa akatchula dzina la nyamayo amamva liwu la lembo likutuluka pakamwa pake. Koma mwana wanga ataona chithunzicho anati, "Galu!" ndipo kwa masiku angapo ankakhulupirira kuti d ndi lembo la galu. Mphaka anali pambali pa c, ndipo nsomba inali pambali pa f. Chithunzi chilichonse chomwe chinaikidwa kuti chimulondolere njira chinkamusocheretsa, osati chifukwa gemuyo inali yoipa, koma chifukwa inapangidwira mwana wina.

Nditayamba kufufuza ngati alipo magemu oganizira zimenezi, ndinapeza kuti nkhaniyi inayambira kutali. Ku Finland, pa Yunivesite ya Jyväskylä, pulofesa Heikki Lyytinen ndi anzake anatsatira kwa zaka zambiri ana ochokera m'mabanja omwe muli vuto lovutika kuwerenga, kuti aone chomwe chimawakanikitsa. Kuchokera mu ntchito imeneyo anapanga gemu yomwe kwawo amaitcha Ekapeli ndipo kunja imadziwika kuti GraphoGame. Kaseweredwe kake n'kosavuta: mwana amamva liwu m'makutu, n'kusankha lembo logwirizana nalo pakati pa malembo angapo, ndipo akamakhoza amapita ku maphatikizo kenaka ku mawu athunthu. Chinenero cha ku Finland chimafanana ndi chathu pa mfundo imodzi yofunika, yakuti mawu amalembedwa monga momwe amamvekera. N'chifukwa chake sizinali zodabwitsa kuti gemuyi inakayesedwa ku Zambia m'Chinyanja, pa ana a giredi yoyamba m'sukulu za mu Lusaka, mogwirizana ndi akatswiri a pa University of Zambia. Chimene chinandigwira mtima pa kafukufuku ameneyo n'chakuti zinthu zinayenda bwino koposa pamene aphunzitsi nawonso anasewera gemuyo, osati ana okha. Aphunzitsi ambiri a kumeneko, monga ife makolo a kuno, anaphunzira mayina a malembo a Chingerezi, ndipo gemuyo inawathandiza iwonso kumva bwino maliwu a Chinyanja.

Kuno kwathu dzina lomwe limamveka kwambiri ndi la onebillion, bungwe losapanga phindu la ku Britain lomwe lakhala likugwira ntchito m'sukulu za ku Malawi kwa zaka zopitirira khumi, mothandizana ndi bungwe la VSO. Anayamba ndi masamu, ndipo pulofesa Nicola Pitchford wa pa Yunivesite ya Nottingham anachita kafukufuku pa ana a sukulu ina ya pulayimale mu Lilongwe, zotsatira zake n'kuzifalitsa mu 2015. Pambuyo pake a onebillion anawonjezera kuwerenga ndi kulemba m'pulogalamu yotchedwa onecourse, yomwe ilipo m'Chichewa. Mu 2019 bungwe la onebillion linagawana mphoto ya madola 10 miliyoni ya Global Learning XPRIZE ndi pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School, mapulogalamuwo atayesedwa m'Chiswahili kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania, komwe ana ankaphunzira pa matabuleti popanda mphunzitsi. Kuyambira mu 2023 boma la Malawi lakhala likufalitsa matabuleti okhala ndi pulogalamu ya onecourse kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, ndipo cholinga chake ndi kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma.

Achemwali anga ndi mphunzitsi pa imodzi mwa sukulu zomwe zinalandira matabuletiwa, ndipo nditawafotokozera za "ei, eni, ei" anandiitana kuti ndikadzionere ndekha. Ndinafika m'mawa ndipo ndinapeza ana atakhala pansi m'mizere, aliyense tabuleti pamiyendo ndi zomvera m'makutu. Chomwe chinandidabwitsa choyamba chinali bata, chifukwa aliyense amene analowapo m'kalasi ya Sitandade 1 akudziwa phokoso lake. Pa denga panali masola, ndipo matabuletiwo amatchajidwa m'bokosi lokhoma, kotero safuna magetsi a pa waya kapena intaneti kuti agwire ntchito. Ndinagwada pambali pa kamnyamata kena komwe kanali kuvutika ndi phatikizo lina. Mphunzitsi wa m'pulogalamuyo, mtsikana wojambulidwa wotchedwa Alefa, ankalankhula naye m'Chichewa chomveka bwino. Mnyamatayo analakwitsa kawiri, ndipo ulendo uliwonse pulogalamuyo inkamubwezera kuti ayesenso, popanda womuseka ngakhale womukalipira. Ulendo wachitatu anakhoza, ndipo ndinaona milomo yake ikutchula phatikizolo motsitsa mawu, ngati munthu amene akulawa chakudya chachilendo n'kupeza kuti n'chokoma.

Tikutuluka, achemwali anandiuza kuti, "Achimwene, m'kalasi mwanga muli ana opitirira 100. Ndikafunsa funso amayankha onse pamodzi, ndipo sindingadziwe amene akudziwa ndi amene akungotsatira mawu a anzake. Apa aliyense amayankha yekha." Mawu amenewa anandionetsa phindu lenileni la masewerawa. Gemu yabwino imamuyankha mwana nthawi yomweyo, imabwereza kakhumi osatopa, ndipo imalola wofulumira kupita patsogolo pomwe wochedwa akukhazikika pa chomwe chikumuvuta. Palibe mphunzitsi, ngakhale wodzipereka chotani, amene angachite zimenezi kwa ana 100 nthawi imodzi, ndipo kholo lomwe laweruka kuntchito litatopa silingachite zimenezi tsiku lililonse. Koma anawonjezeranso kuti ana amene amapindula kwambiri ndi aja omwe akabwerera m'kalasi amakumananso ndi maliwu omwewo pa bolodi ndi m'buku, monga momwe ndondomeko ya dziko lino yophunzitsira kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, imawalangizira aphunzitsi.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti gemu ikangokhala ya chinenero choyenera ndiye kuti basi kholo lipume. Ana ndi ochenjera, ndipo amapeza msanga njira yopambanira popanda kuphunzira. Ndinamuona mwana wanga akudina malembo onse motsatizana, kuyambira kumanzere kupita kumanja, mpaka nyenyezi itawala, osamvetsera n'komwe liwu lomwe ankafunsidwa. Pa foni zinkaoneka kuti wamaliza magawo ambiri, koma m'mutu munalibe chomwe chinalowa. Magemu ena amachita kulimbikitsa khalidwe limeneli, chifukwa amadzaza mphoto, zovala za tinyama ndi timasewera ta pambali, mpaka mwana amathera mphindi zambiri akuveka kalulu chipewa kusiyana ndi zomwe wathera pa malembo. Kholo silingazindikire zimenezi lili patali. Liyenera kukhala pansi n'kuyang'ana chala cha mwanayo ndi milomo yake, kuti lione ngati akumvetsera asanadine.

Magemu ambiri aulere amabwera ndi mauthenga otsatsa malonda omwe amatulukira pakati pa sewero, ndipo ena mwa iwo si oyenera maso a mwana. Tsiku lina ndinapeza bandulo yanga ya sabata yatha m'madzulo amodzi chifukwa mwana anadina uthenga wotere n'kuyamba kuonera makanema. Kuyambira pamenepo ndimazimitsa intaneti ndisanamupatse foni, ndipo gemu yomwe imakana kutseguka popanda intaneti ndimaichotsa. Za kutalika kwa nthawi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo mu 2019 akuti ana osakwana zaka 2 asamakhalitsidwe pa zoonera zoterezi, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, pomwe kuchepetsa n'kwabwino koposa. Kwathu tinagwirizana mphindi 20, ndipo nthawi zambiri zimakwanira, chifukwa kupitirira apo chidwi chimatha ndipo chimatsala ndi kudina chabe.

Matabuleti a BEFIT ali m'sukulu za pulayimale, ndipo mwana wanga sanafikeko, kotero ndinayenera kupeza chochita ndi zomwe ndili nazo. Ndinachotsa gemu ya nyimbo ija n'kusiya ina yomwe imangophunzitsa kulemba malembo potsatira mzere ndi chala. Ndinatsitsiratu mawu ake kuti isamveke, ndipo ine ndinakhala liwu la gemuyo. Akamalemba a ndimati "a" wa mu "ana", akamalemba u ndimati "u" wa mu "ufa", ndipo iye amabwereza. Milungu yoyamba inali yovuta, chifukwa mayina a Chingerezi aja anali atazika mizu, ndipo nthawi zina ankanditsutsa kuti, "Ayi ababa, foni imati ei." Ndinamufotokozera kuti lembo lili ngati iye mwini, amene ali ndi dzina la kusukulu ndi dzina lomwe agogo ake amamuitanira, ndipo powerenga Chichewa timagwiritsa ntchito la kunyumba. Zimenezi anazimva. Azakhali ake anatiphunzitsanso njira yomwe aphunzitsi amagwiritsa ntchito kuyambira kale, yolemba maphatikizo pa zitsekerero za mabotolo. Akamaliza mphindi zake pa foni timatsanulira zitsekererozo pamphasa, ndipo amasanja yekha: ma ndi la ndi ya kupanga "malaya", ga ndi lu kupanga "galu". Tsiku lomwe anasanja "galu" anathamangira amayi ake kukawauza kuti galu alibe d.

Pamene ndikuona kuti gemu yabwino ya Chichewa ingathandize koposa ndi pa maphatikizo a malembo atatu kapena kupitirira apo, omwe amawakhumudwitsa ana ambiri akangodutsa ba be bi bo bu. Taganizirani kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kwa "kola" ndi "khola", kapena kwa "ngoma", nyama ya kuthengo, ndi "ng'oma" yoimba ku gule. Kampweya kakang'ono kapena kachizindikiro kamodzi kamasinthiratu tanthauzo. Ndiye pali mawu monga nkhuku, mphaka, ntchito, nkhwangwa ndi thyola, omwe mwana amawalankhula mosavuta kuyambira ali wamng'ono koma akawaona papepala amaoneka ngati mulu wa nkhuni. Apa pamafunika kumva mobwerezabwereza mawu otchulidwa bwino ndi munthu amene Chichewa ndi chinenero chake chobadwira, n'kumaona momwe malembo akuwonjezekera limodzi limodzi: ka, kha, nkha, nkhwa. Imeneyi ndi ntchito yomwe kompyuta ingaichite bwino kwambiri, ndipo palibe gemu ya Chingerezi yomwe idzaichite. Tili ndi achinyamata ambiri omwe aphunzira kupanga mapulogalamu m'mayunivesite athu, tili ndi akatswiri a chinenero ku Zomba, tili ndi owulutsa mawu a pa wailesi omwe Chichewa chawo chimamveka bwino lomwe, ndipo tili ndi mikuluwiko, ndagi ndi nyimbo za ana zomwe zingasandutsidwe masewera. Ndimalakalaka anthu amenewa atakumana n'kupanga gemu yopepuka, yogwira ntchito pa foni yotsika mtengo popanda intaneti, yomwe mlezi wa kusukulu ya mkombaphala ya kumudzi angathe kuigwiritsa ntchito ndi ana asanu nthawi imodzi. Ingathandizenso mabanja a kwathu omwe ali ku Johannesburg kapena ku Britain, omwe ana awo amamva Chichewa koma sanachionepo cholembedwa.

Ndikudziwa kuti makolo ambiri amasankha dala magemu a Chingerezi, ndipo nkhawa yawo ndimaimvetsa. Mayeso, ntchito ndi maphunziro apamwamba zonse zimafuna Chingerezi, ndipo palibe kholo lomwe limafuna kuti mwana wake atsalire. Nanenso ndikufuna mwana wanga adzachilankhule ndi kuchilemba bwino, ndipo sindimuletsa kumvetsera nyimbo ndi nthano za Chingerezi. Koma luso lozindikira kuti zizindikiro za papepala zimaimira maliwu a pakamwa mwana amaliphunzira kamodzi kokha, ndipo amaliphunzira mosavuta m'chinenero chomwe amachimva. Akawerenga "ufa" m'mutu mwake mumabwera ufa weniweni, ndipo amadziwa yekha kuti wakhoza popanda kudikira nyenyezi. Akawerenga mawu a chinenero chomwe sakuchidziwa, ngakhale atawatchula molondola, sadziwa ngati wakhoza kapena walakwa, chifukwa palibe chomwe chikubwera m'mutu. Mwana amene wadziwa kuwerenga Chichewa amapita ku Chingerezi atanyamula luso limeneli m'manja.

Lamulungu lapitali tikupita kutchalitchi tinadutsa pa nyumba ina yomwe pa geti pake anakhomapo kabolodi kolembedwa ndi utoto wofiira. Ndakhala ndikudutsapo kwa zaka zambiri osakalabadira. Mwana wanga anaima, n'kundikoka dzanja. Mawu oyamba anawalumpha, n'kuyamba achiwiri: "Zi, li, po. Zilipo!" Kenaka anandifunsa kuti, "Ababa, zilipo chiyani?" Ndinamuuza kuti ayese mawu oyambawo. Anawerenga "ku" wa kumapeto mosavuta, koma nkh wa kutsogolo anamuimitsa. Ndinaphimba n ndi chala changa, ndipo anayesa "khu", kenaka "khuku", ndipo ndisanachotse n'komwe chalacho anafuula kuti, "Nkhuku! Nkhuku zilipo!" Mayi wina amene ankasesa kuseri kwa getilo anasuzumira n'kutifunsa ngati tikufuna yamoyo kapena yophapha. Tinalonjeza kudzabwera Loweruka, ndipo madzulo ake tinalemba nkha, nkhe, nkhi, nkho, nkhu pa zitsekerero zisanu zatsopano.